Arweave, Filecoin, Walrus kapena Postgres: kodi agent wanu azisunga kuti zimene akukumbukira?

Amene mukumanga zida zoti ma agent a AI (mapulogalamu ogwira ntchito okha m'malo mwa munthu) azikumbukira zinthu, musanasankhe blockchain (kaundula wosungidwa pa makompyuta ambiri, wovuta kusintha zolembedwamo) dzifunseni kaye ngati agent wanuyo adzatha kuiwala. Munthu wauza agent nambala yake ya foni lero, mawa wasintha nambala, mkuja akuti mufufute zonse zokhudza iye. Mukayesa njira zinayi ndi nkhani imeneyi, kusiyana kwake kumaonekera msanga.

Choyamba tichotsepo maganizo olemba kukumbukira konse pa blockchain penipeni. Embedding imodzi (mndandanda wa manambala oimira tanthauzo la chiganizo) ya text-embedding-3-small ya OpenAI ili ndi manambala 1,536, ndipo iliyonse ikatenga mabayiti 4 zimakwana mabayiti 6,144. Pa blockchain ya Ethereum, kulemba mabayiti 32 pamalo atsopano kumadya gas (muyeso wa ntchito imene mumalipirira) pafupifupi 20,000. Chiganizo chimodzi chokha ndiye kuti malo 192, gas wopitirira 3.8 miliyoni. Agent wolankhula ndi anthu tsiku lonse angakusiyeni m'thumba muli mbee dzuwa lisanalowe. N'chifukwa chake mpikisano weniweni uli pakati pa maukonde osungira mafayilo.

Arweave inayamba kugwira ntchito mu 2018 ndi lonjezo losavuta kumva: lipira kamodzi, fayilo ikhalepo mpaka kalekale. Gawo lalikulu la ndalama imene mwalipira mu AR, ndalama ya Arweave, limapita m'thumba lomwe limalipira osunga pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, poganiza kuti mtengo wa ma disk uzitsikabe. Kwa wopanga zida izi n'zokoma, chifukwa palibe bilu ya pamwezi ndipo palibe tsiku lothera loti muzilikumbukira. Koma chimene mwalemba mwalemba. Agent akasunga bodza, kapena chinsinsi cha munthu chosabisidwa, palibe batani lofufutira. Ngati muli ndi ogwiritsa ntchito ku Ulaya, ndime 17 ya GDPR, lamulo la kumeneko loteteza deta ya anthu, imawapatsa ufulu wouza kampani kuti ifufute zawo, ndipo Arweave singakuthandizeni pamenepo. Ena amati bisani zonse ndi kiyi, ndipo munthu akapempha kufufuta mungowononga kiyiyo. Njirayi imathandiza, koma fayilo yobisidwayo imakhalabe poyera kudikira tsiku limene kabisidwe kake kadzathyoledwe. Ine Arweave ndimaiona yoyenera pa zinthu zimene mukufuna kuti aliyense adzazione zaka zikubwerazi, monga mbiri ya zigamulo za agent wogwira ndalama za gulu.

Filecoin ya Protocol Labs inatsegulidwa mu Okutobala 2020. Kumeneko mumapangana ndi wosunga kwa nthawi yoikika, ndipo iye amayenera kumaonetsa umboni nthawi ndi nthawi kuti fayilo ikadalipo, apo ayi amataya chikole chake. Mtengo ndi wotsika pa katundu wochuluka, koma deta imamatidwa m'zigawo za 32 GiB kapena 64 GiB, ndipo kutulutsa chomatidwa kumachedwa ngati palibe kope ina yokonzeratu. Ili ngati nkhokwe yomatira chimanga cha chaka chamawa, si lichero la ufa wa lero. Ikani kumeneko zokambirana zakale, basi.

Walrus ya Mysten Labs ndiyo yatsopano, inatsegulidwa mu Marichi 2025, ndipo ndi imene yayandikira zosowa za agent. Imaduladula fayilo n'kugawa tizidutswa kwa osunga ambiri mwanjira yoti ngakhale ambiri atazimitsa makina, fayilo imabwezeretsedwa. Mumalipira nthawi ya masabata awiriawiri, mukhoza kuwonjezera, komanso mukhoza kuika chizindikiro choti fayiloyi ndi yofufutika. Fayilo iliyonse ili ndi choimira chake pa blockchain ya Sui, choncho smart contract (pulogalamu yoyenda pa blockchain) ikhoza kunena mwini wake ndani, kapena kusamutsa kukumbukira kuchoka kwa agent wina kupita kwa mnzake. Chenjerani pa ziwiri: chilichonse chosabisidwa aliyense angachiwerenge n'kuchikopera musanafufute, ndipo chikwama cha agent chiyenera kukhala ndi WAL, ndalama ya Walrus, ndi SUI yomwe, ndalama ya Sui. Imodzi ikatha, kusunga kwaima.

Tsono palibe mwa zitatuzi imene ingayankhe funso lakuti "munthuyu ananenapo chiyani chofanana ndi ichi?" Zonse zimafuna muzipatse dzina la fayilo kuti zikubwezereni fayiloyo. Kufufuza motsata tanthauzo ndi ntchito ya database ya Postgres yokhala ndi pgvector (chowonjezera chofufuzira ma embedding), kapena database ina yotero, yomwe imayankha munthu asanaphethire ndipo lamulo lake la DELETE limafufutadi. Vuto lake ndi lakuti mwini seva angasinthe mbiri osadziwika, ndipo kampani ikatseka, kukumbukira kumapita nayo. Ndikanakhala inu, zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndikanaziika mu Postgres, kope yobisidwa n'kumaitumiza ku Walrus, kenako hash yokha (chidindo chimene chimasintha fayilo ikasinthidwa), mabayiti 32, n'kuilemba pa blockchain kuti wokayika adzatsimikize kuti palibe chasinthidwa.

Pa nkhani yoti agent azilipira yekha ntchito ngati zimenezi, pali njira ziwiri zimene zinatsitsimutsa khodi ya HTTP 402 (yankho la seva lotanthauza kuti lipirani kaye), yomwe inakhala yosungidwa osagwira ntchito kuyambira m'ma 1990. L402 ya Lightning Labs imabweza invoice ya Lightning (ukonde wolipirira bitcoin mwachangu) pamodzi ndi chiphaso. Agent akalipira amalandira umboni woti alowere. Ndi yotchipa pa timalipiro ting'onoting'ono, koma mitengo ili mu bitcoin yomwe imakwera n'kutsika, ndipo kusamalira ma channel (njira zimene ndalamazo zimadutsamo) ndi ntchito yakeyake. x402, imene Coinbase inatulutsa mu Meyi 2025, imachita zomwezo pogwiritsa ntchito USDC, ndalama ya pa blockchain yotsata mtengo wa dola: seva imanena mtengo, agent amasayina malipiro n'kubwereza pempho lomwelo. Kwa wogulitsa kukumbukira pa pempho lililonse, x402 ndiyo ndingasankhe, popeza senti imodzi lero ndi senti imodzi mawa.

Pa ziwirizi, iliyonse imene mungatenge, ikani malire a ndalama kunja kwa agent, m'chikwama kapena mu contract, osati mu prompt, malangizo amene mumamulembera agent. Agent akakodwa n'kumabwereza pempho limodzi usiku wonse, kapena wina akamunyenga ndi mawu obisika m'tsamba limene akuwerenga, malipirowo amadutsa onse ndipo pa blockchain palibe ofesi yokadandaulako kuti akubwezereni.