Mpira wa kiriketi ya anthu osaona: mmene wagwirira ntchito pa mabwalo a ku Chipata

Pa zipangizo zonse zimene gulu lathu la achinyamata osaona kuno ku Chipata lagwiritsapo ntchito, palibe chimene chasintha kaseweredwe kawo monga mpira woyera wapulasitiki umene amasewerera kiriketi ya anthu osaona. Tinauitanitsa kuchokera ku India kudzera mwa wamalonda wina wa m'tauni muno, popeza m'masitolo amene ndinafunsamo anali kunditulutsira mipira ya tenisi ndi ya bola basi.

Mpirawu ndi wopepuka, umakwana m'dzanja limodzi, ndipo mkati mwake muli timipira tachitsulo tonga timene okonza njinga amaika m'magudumu. Ukamagubuduzika, timipirato timagundana ndi kulira mosalekeza, kotero kuti wosewera amadziwa kumene mpira ukuchokera ndi liwiro lake. Nzeru imeneyi ndi yakale, pakuti masewerawa anayambira ku Melbourne, m'dziko la Australia, mu 1922, pamene anthu awiri osaona ogwira ntchito m'fakitale anaika timiyala m'chitini n'kuyamba kuchimenya. Ifenso tinayamba ndi botolo lapulasitiki lokhala ndi timiyala, koma botolo limakhotera kumene lafuna, ndipo mwana amene wamva bwino kulira kwake amaphonyabe popanda cholakwa chake. Mpira weniweniwu umayenda mowongoka. Womenya akaphonya amadziwa kuti wachedwa kapena wafulumira, ndipo ulendo wotsatira amakonza.

Ubwino wake umaonekeratu mukatsata malamulo a World Blind Cricket Council, bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse lapansi, limene linakhazikitsidwa ku New Delhi mu 1996. Woponya saponya modutsa paphewa koma chapansi, ndipo mpira uyenera kugunda pansi mbali zonse ziwiri za mzere wa pakati pa woponya ndi womenya usanafike kwa womenyayo. Asanaponye amafunsa ngati mnzakeyo wakonzeka, ndipo pouponya amafuula kuti "Play!" Pali mtsikana wina m'gulu lathu amene saona ngakhale pang'ono. Akamva mawu amenewo amagwada bondo limodzi, kupendeketsa mutu kuti khutu liloze kumene mpira ukuchokera, kugoneka thabwa lomenyera mopingasa pafupi ndi dothi, kenaka n'kusesa mpirawo mwamphamvu ukangofika. Ndi botolo sanali kutero, chifukwa sanali kulikhulupirira. Malamulowa amagawa osewera m'magulu atatu, B1, B2 ndi B3, malinga ndi mmene amaonera, ndipo pa osewera 11 a timu, osachepera anayi ayenera kukhala a B1, omwe ndi osaoneratu. Mapointi amene wa B1 wapeza amawerengedwa kawiri. Kwa osewera a gulu limeneli kulira kwa mpira ndiye masewera onse, ndipo pamenepa mpirawu wandikhutiritsa.

Zofooka zake zilipo, ndipo aliyense wofuna kugula ayenera kuzidziwa. Mpirawu umalira bwino pa dothi louma, lolimba ndi losesedwa. Pa udzu wautali kulira kumachepa kwambiri, ndipo m'nyengo ya dzinja, matope akaumatirira, umangofika mwakachetechete, zimene zili zoopsa kwa mwana amene wagwada nkhope ili pafupi ndi dothi. Bwalo loyandikana ndi msewu nalonso siloyenera, pakuti njinga yamoto imodzi ikadutsa, wotchinga amene anali kuutsatira mpira ndi khutu amautaya. Ngakhale oonerera timawapempha kuti asunge nthungululu zawo mpaka mpira utaima.

Vuto lina limakhudza osewera a B2 ndi B3, amene amadalira kuyera kwa mpira kuti auone. Dothi lathu lofiira limaudetsa msanga, ndipo ukafiira umafanana ndi bwalo. Timautsuka ndi sopo masewera akatha, ndipo nthawi zina pakati pa masewera timaupukuta ndi nsalu yonyowa. Chimene chandikhumudwitsa kwambiri ndi msoko umene umalumikiza mbali ziwiri za pulasitiki: mpira wina unang'ambika pomwepo utagunda mwala, timipira tachitsulo tinamwazika, ndipo kuumata ndi guluu kunapha kulira kwake. Komanso m'phukusi munalibe kapepala kofotokoza malamulo, ngakhale m'zilembo za Braille, chikhalirecho ogwiritsa ntchito ake ndi anthu osaona. Opanga akanaganizirapo pamenepa.

Mtengo wa mpira umodzi si woboola m'thumba, koma ndalama zoutumizira zinaposa mtengo wa mpirawo. Choncho ndi bwino kuti masukulu kapena magulu asonkherane n'kuitanitsa ingapo nthawi imodzi, pamodzi ndi zotetezera miyendo, popeza pulasitikiyo ikagunda msongolo imapweteka ndithu. Ku England amasewera masewera a m'dziko mwawo ndi mpira wa bola wa saizi 3 wokhala ndi tizitsulo mkati, ndipo kwa ana aang'ono amene akuyamba kumene njira imeneyo ingathandize. Koma amene akufuna kudzapikisana ndi maiko ena ayenera kuzolowera mpira waung'onowu. Zimenezi sizili kutali ndi ife monga ena angaganizire, pakuti chikho choyamba cha dziko lonse lapansi cha masewerawa, chimene chinaseweredwa ku New Delhi mu 1998, chinatengedwa ndi South Africa, ndipo mpikisano wa 2014 unachitikira ku Cape Town. Chigawo chino cha kum'mawa ndicho chinayamba kuphunzitsa ana osaona m'Zambia, ku Magwero mu 1905, ndipo ndikhulupirira kuti aphunzitsi a ana otere ndiwo oyamba amene ayenera kuuyesa mpirawu.

Ndodo zitatu zimene womenya amateteza simufunika kuziitanitsa kunja. Pa masewerawa zimakhala zachitsulo, ndipo wowotcherera aliyense wa ku Kapata, kuno ku Chipata, angathe kuzipanga ndi mapaipi n'kuzilumikiza pansi kuti ziime zokha. Muuzeni asadzaze mapaipiwo ndi chilichonse, kuti mpira ukazigunda zilire momveka kwa osewera onse, ndipo azipake penti yowala kuti a B2 ndi B3 azitha kuziona ali patali.