Tenti ya anthu 6 ija tagonamo ku Zomba ndi ku Cape Maclear, ndikuipatsa nyenyezi 4

Tenti iyi ndinagula mwezi wa May pa shopu ina ku Limbe, ndi zozungulira pamwamba zija, yobiriwira, ili ndi kakhonde kutsogolo. Ndalama yake inali pafupifupi ya matumba awiri a feteleza ndiye mayi a kunyumba anayamba akana kaye, amati tingogona ku loji ngati anthu ena onse. Koma ine ndinawerengera kuti banja la anthu asanu ku loji ndi zipinda ziwiri, masiku atatu okha ndalama ya tenti yakwana kale. Ndinadikira dala kuti tiigwiritse ntchito kozizira komanso kotentha ndisanalembe kalikonse, pano ndiye nditha kunena.

Choyamba nkhani ya anthu 6 yolembedwa pa chikwamayo musaitengere. Ife ndife asanu, ine, mayi awo ndi ana atatu, wa zaka 13, wa 9 ndi chitsiriza wathu wa zaka 4, tinakwanamo bwinobwino koma zikwama zinagona m'galimoto. Akuluakulu 6 ndiye ayi, pokhapokha agone mothithikana ngati usipa m'thumba. Kuimika sikovuta, pali ndodo ziwiri zazitali zopingasana pamwamba ndi ina yaifupi ya khonde, ndodozo n'zoduladula koma mkati muli lasitiki ndiye zimalumikizana zokha. Ulendo woyamba zinatitengera mphindi ngati 40 poti kapepala kamalangizo ndi zithunzi zokhazokha, wachiwiri ine ndi mnyamata wamkuluyo mphindi 15 basi yaima. Yesani kaye pakhomo musananyamuke, musakaphunzirire kutchire dzuwa likulowa.

Ulendo woyamba unali wa pa phiri la Zomba mu June. Amene munakwerako mukuudziwa msewu wokhotakhota uja, m'mbali muli anyamata ogulitsa masitiroberi ndi mbatatesi, ana anayamba kudya tisanafike n'komwe. Tinamanga tenti pa kapinga pansi pa mitengo ya paini, madzi a Mulunguzi akumveka chapafupi. Masana kunali bwino, dzuwa lofunda, koma itangokwana 5 koloko nkhungu inatsika moti galimoto yomwe inali pompo sitimaiona bwino. Phirili nsonga yake imapitirira mamita 2,000, kuzizira kwa kumeneko si kwa m'tauni ayi.

Apa ndi pomwe ndinaiona tentiyi ubwino ndi kuipa kwake usiku umodzi womwewo. Chinsalu chapamwamba chija chimagwira ntchito, usiku wonse madontho amagwa kuchoka m'mitengo, tho tho tho pamwamba pathu, koma mkati simunalowe ngakhale dontho limodzi, ndinayatsa tochi kangapo kuyang'ana m'misoko monse muli gwa. Vuto ndi pansi. Pulasitiki ya pansiyo ndi yopyapyala kwambiri, chinyezi sichidutsa inde koma kuzizira kwa nthaka kumadutsa konse. Ife tinayala mphasa ziwiri ndi bulangete limodzi pansi, mabulangete ena onse tinafunda, poganiza kuti mphepo ichokera pamwamba. Cha m'ma 2 koloko usiku kamwana kathu kanadzuka kakulira, nditakagwira mapazi anali ngati achoka mu fuliji, msana wanganso unali utauma ndi kuzizira. Mayi ake anakakulunga m'zitenje ziwiri, kukaveka masokosi anga m'manja ndi m'miyendo, n'kukagoneka pamimba pawo mpaka kunacha. Usiku umenewo sindinagone, mtima unandipweteka kwambiri kumva mwana akunjenjemera chonchija.

Ndinenepo chinthu chimodzi poti ndikudziwa ena angaganize zomwe ndinaganiza ine. Ndinafuna kulowetsa mbaula mkati kuti mufunde. Bambo wina wolondera pamalopo atandiona ndikukoleza makala anabwera n'kunena kuti, "Achimwene, mbaulayo isalowe m'menemo, mudzuka maliro." Ndipo ndi zoona, makala akamayaka malo otsekeka amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, munthu umangogona osadzukanso, kuonjezera apo nsalu ya tenti imasungunuka ndi kamoto kakang'ono. Mbaula ikhale panja, patali. Bambo yemweyo ndi amene anatipezera makatoni m'mawa mwake, tinawayala pansi pa mphasa, pamwamba mabulangete awiri, usiku wachiwiri tonse tinagona tulo tabwino. Ndiye amene mukugula tenti iyi ikani pa bajeti timatiresi topyapyala tija, apo ayi tengani makatoni ambiri, zofunda za pansi n'zofunika kuposa za pamwamba.

China, usiku woyambawo tinatseka timawindo tonse poopa mphepo, m'mawa denga lamkati linali lonyowa ndi mpweya wathu womwe. Siyani kamodzi kotsegula pang'ono.

Masana timaisiya ili chiimire n'kupita koyenda. Tinafika ku Williams Falls, ana anaviika miyendo n'kuthawa poti madzi ake amaluma, kenako tinakwera mpaka ku Emperor's View, pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia itabwera kuno. Kunja kutayera pamenepo umaona tauni ya Zomba pansi pako, nyanja ya Chilwa uko, phiri la Mulanje kutsogolo, mtsikana wathu wa zaka 9 anangoti kukamwa yasa osayankhula. Kokha zimamvetsa chisoni kuona mbali zina za phiri zili mbee mitengo inatha. Ku Chingwe's Hole tinapita pa galimoto ndi wotiperekeza poti ndi kutali kwa mwana wamng'ono. Pobwerera tinapeza anyani atenga buledi yemwe tinasiya pakhonde la tenti, pepala lake lili pa kapinga, koma mkati sanalowe, zipi inali yotseka ndipo sanang'ambe paliponse. Chakudya chizikhala m'galimoto basi.

Ulendo wachiwiri tinapita ku Cape Maclear mu October, kutentha kwa kunyanja kuja koti ngakhale usiku thukuta lili kamukamu. Kumeneko ndiye tentiyi ndinaikonda zedi. Ukachotsa chinsalu chapamwamba denga lamkati ndi neti pafupifupi lonse, ndiye timagona kamphepo ka panyanja kakulowa, ana akuwerenga nyenyezi ndi magetsi a asodzi a usipa ali ndandanda pamadzi. Udzudzu umalira kunja koma mkati simunalowe ndi umodzi womwe, mabowo a netiyo ndi aang'ono kwambiri, kwa ine zimenezi n'zazikulu poti malungo kunyanja si nkhani yocheza. Bola kuwauza ana kuti akalowa kapena kutuluka atseke zipi nthawi yomweyo.

Chomwe chandichotsetsa nyenyezi imodzi ndi zikhomo. Abale, zikhomo zomwe amaika m'chikwamamo ndi tiwaya chabe. Ku Zomba zitatu zinapindika nditangomenya ndi mwala, kunyanja ndiye mumchenga sizigwira n'komwe, umachita kuzula ndi zala ziwiri. Usiku wachiwiri kunabwera mphepo yamphamvu kuchoka panyanja, ngodya imodzi inazuka tenti n'kuyamba kutipinda kumaso, ndinatuluka ndi tochi pakamwa kumangirira zingwe ku mtengo, kwinako ndinadzaza mchenga m'majumbo n'kukwirira, chingwe ndamanga pa jumbopo. Njira ya majumboyi inagwira bwino kuposa zikhomo zawozo. Ndodo zokha ndizitamande, zinawerama mpaka ndinati zithyoka koma mphepo itadutsa zinabwerera m'malo mwake. Titabwerako ndinapita kwa owotcherera ku Ndirande anandidulira zikhomo 12 pa chitsulo chomangira nyumba chija, n'kupinda kumutu, pa ndalama yochepa. Tenti ya mtengo umenewu imayenera kubwera ndi zikhomo zoterozo.

Mchenga unalowanso mu zipi ya pakhomo n'kuyamba kulimba, mwana akakoka imaluma nsalu. Ndinaitsuka ndi kamswachi kakale, kupakapo kandulo, pano ikuyenda bwino, koma ndikuona kuti chinthu choyamba kudzatha pa tenti iyi ndi zipi imeneyi.

Malo aja okha ndi oti mupite nawo ana. Ndi m'dera la Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Tinayenda wapansi kupita ku Otter Point, podutsa tinaona manda a amishoni a Livingstonia omwe anayamba kukhala pamenepa mu 1875 asanasamukire kumpoto, mnyamata wathu anali atangophunzira kumene zimenezi kusukulu ndiye amatifotokozera ndi iyeyo. Pamiyala paja madzi ndi oyera moti mbuna za buluu ndi zachikasu umaziona uli chiimire, kamwana kaja kanakana kutuluka m'madzi mpaka zala zinachita makwinya. Kulowa m'paki kumalipiritsa, ndipo Amalawi timalipira yotsika poyerekeza ndi alendo akunja, tengani chitupa chanu cha unzika.

Kupinda ndiye kumafuna kuleza mtima, chikwama chake anasoka chothina kwambiri, ikatuluka kuti ibwereremo mpaka munthu wina aigonere kuchotsa mpweya. Ife pano timangoiika m'thumba la chimanga latsopano, ndodo ndi zikhomo m'chikwama chakecho. Ndipo mukafika kunyumba iyanikeni kaye tsiku lathunthu, tinachoka ku Zomba ili yonyowa ndi mame, itakhala masiku awiri m'buti inayamba kale kafungo ka chuku.

Mvula yeniyeni ya December sinatipezebe tili mkati, zomwe yapirira ndi nkhungu ndi madontho a ku Zomba komanso mphepo ya kunyanja. Mayi a kunyumba aja amakana poyamba ndi amene pano akufunsa za ku Likhubula ku Mulanje, akuti akufuna akaone Dziwe la Nkhalamba ana akatsekera sukulu, timatiresi agula kale tiwiri, tatsala titatu.