Kuthira mankhwala m'nyanja yamchere: tiletseretu kapena tiloleze ndi malamulo?

Namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adatenga mphamvu pa madzi ofunda a nyanja ya India asanasefukiritse Shire ndi Ruo m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Za m'nyanja yamchere zimatikhudza ife a kuchigwa ngakhale tilibe gombe.

Nyanja imameza kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a mpweya wa kaboni wotenthetsa dziko umene anthu amatulutsa. Ena akufuna imeze wochuluka pothiramo chitsulo chosungunula kuti ndere zichuluke, zikoke mpweyawo, zikafa zimire nawo pansi. Mu 2009 akatswiri a ku India ndi Germany adayesa kumwera kwa nyanja ya Atlantic. Ndere zidameradi, koma tizilombo ta m'madzi tidazidya zisanamire. Mu 2012 kampani ina idathira matani pafupifupi 100 kufupi ndi Haida Gwaii ku Canada, maiko ena adangomva zitachitika kale.

Njira yoyamba ndi kuletsa. Mu 2010 ku Nagoya, maiko a m'pangano loteteza zamoyo zosiyanasiyana adagwirizana kuti ntchito zikuluzikulu zotere ziyambe zaima, kupatula kafukufuku wamng'ono. Ubwino wake ngwoti n'chosavuta kumva. Vuto n'lakuti ndi chigamulo chopanda chilango, ndipo United States sili m'panganolo. Chaka chachiwiri chisanathe, sitima ya kampani ija ya ku Canada inali itathira kale.

Njira yachiwiri ndi chilolezo, ya pangano la London Protocol, loona za kutaya zinthu m'nyanja, monga lidakonzedwa mu 2013. Wofuna kuthira amapempha ku boma lake, n'kufotokoza malo, kuchuluka kwa mankhwala ndi chimene akufufuza. Boma liunike chimene chingaonongeke, lifunse maiko amene angakhudzidwe, kenako lilole kapena likane, ndipo likalola lizilondola zotsatira. Zamalonda siziloledwa. Apa pali mano, koma kusinthako sikudayambe kugwira ntchito chifukwa kumafuna magawo 2 mwa 3 a maiko a m'panganolo avomereze. Komanso chotchulidwa m'menemo ndi kunenepetsa nyanja kokha, ndiko kuthiramo zinthu monga chitsulo kuti ndere zichuluke. Kuthira laimu kapena miyala yopera pofuna kuchepetsa asidi wa m'nyanja sikudalembedwe.

Ifeyo tikuona kuti chilolezo chikuposa, makamaka pa sitepe ya kufunsa anzako. Aliyense wa ku Makhanga kapena Chiromo amadziwa za dayiki yomangidwa tsidya limodzi: mudzi wina umagona mtendere, madzi n'kukhotera kumunda kwa mnzawo, mapira onse pansi pa mchenga. Nyanjanso n'chimodzimodzi. Ndere zikachuluka pamalo pamodzi zimamaliza chakudya cha m'madzi chimene mafunde akadanyamulira kwina, ndipo zikamaola pansi zimatha mpweya umene nsomba zimapuma. Wolira amakhala msodzi wakutali amene sadaione n'komwe sitimayo.

Pangano la mu 2023 loteteza zamoyo za m'nyanja zopanda mwini likhoza kutseka mpata umenewu, chifukwa limafuna kuti ntchito yoopsa iunikidwe ndi kulengezedwa isanayambe, ndipo dziko lopanda gombe ngati Malawi limakhala ndi mpando wake. Nthumwi zathu zikapita kumeneko zikafunse zinthu ziwiri: ndani ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito ikayamba kulakwika, nanga chipepeso alipira ndani, kwa yani?