Global DRO: tsamba lofufuzira mankhwala kwa opalasa njinga

Wopalasa njinga wa mpikisano asanamwe mankhwala alionse, ayambe wafufuza pa Global DRO, tsamba la pa intaneti losonyeza ngati mankhwalawo ndi oletsedwa m'masewera. Tsambali ndi laulere. Mumasankha masewera anu ndi dziko limene mwagula mankhwalawo, n'kulemba dzina lake. Yankho limabwera pawiri: ngati ndi oletsedwa pa nthawi ya mpikisano, komanso kunja kwa mpikisano. Mumapatsidwanso nambala ya zomwe mwafufuza. Isungeni, ndi umboni.

Pamene tsambali limathandiza kwambiri ndi pa mankhwala ololedwa ndi muyeso. Salbutamol wopopera wa mphumu ndi wololedwa, koma osapitirira ma microgram 1600 pa maola 24, komanso osapitirira 600 pa maola 8. Pseudoephedrine, wopezeka m'mankhwala ambiri a chimfine, amaletsedwa pa mpikisano akapitirira ma microgram 150 pa mililita ya mkodzo. Palinso tramadol, mankhwala opha ululu, amene anachotsetsa zotsatira za wopalasa njinga Nairo Quintana pa mpikisano wa Tour de France wa 2022. UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, inaletsa tramadol pa mpikisano mu 2019, ndipo WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, inatero mu 2024.

Zofooka zilipo. Lili ndi mankhwala ogulitsidwa m'mayiko ochepa okha, monga United Kingdom, Canada, Japan ndi Australia. Wogula kwina alembe dzina la zomwe zili m'kati mwa mankhwalawo, osati la pa paketi, chifukwa dzina limodzi limatha kukhala ndi zosakaniza zosiyana dziko ndi dziko. Za ma supplement (zakumwa kapena zakudya zowonjezera mphamvu ndi michere m'thupi) silinenapo kanthu, chonsecho ambiri amakodwa pamenepo. Ndipo mndandanda wa WADA wa mankhwala oletsedwa umasintha pa 1 Januwale, choncho yankho la chaka chatha lifufuzidwenso.