Zithunzi za nkhalango ndi nyanja zinali zoona, kontirakiti inali yabodza

Chiikireni chithunzi chija pa WhatsApp, ndili pamwamba pa kaphiri ka Beeston Bump nyanja ili kumbuyo kwanga, foni yanga sikupuma. Ambiri mukupempha chinthu chimodzi, nambala ya ejenti amene anandibweretsa kuno ku Norfolk, ku England, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Nambalayo sindipereka kwa aliyense, ngakhale kwa mwana wa mayi anga, ndipo ndikufuna mudziwe chifukwa chake musanagulitse kanthu.

Amene munandidziwa ku Zomba mukukumbukira kuti m'mawa uliwonse ndinkathamanga kukwera phiri mpaka ku damu la Mulunguzi. Ejenti uja anadziwa zimenezi chifukwa ndinamuuza ndekha, ndipo anandikolera pomwepo. Pamene ena ankawakopa ndi za London, ine ankanditumizira zithunzi za tinjira ta m'mphepete mwa nyanja yamchere ndi ta m'nkhalango za mitengo ikuluikulu, n'kumati: "Achimwene, malo awa ndi anu enieni. Nyumba ili pagombe pomwe, galimoto ndi ya kampani, maola 39 pa sabata osapereweza." Anandilipiritsa mapaundi 7,000 akuti a pepala la CoS, chikalata chochokera kwa wokulemba ntchito chimene umafunsira nacho viza. Tinagulitsa puloti ya mayi ku Matawale, yotsalayo ndinakatenga kwa wakatapila. Nditafika kuno m'pamene ndinamva kuti malamulo a dziko lino saloleza ejenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito, ndi kuti viza yeniyeniyo sinakwane n'komwe mapaundi 300. Ndalama yonse ija inangolowa m'matumba a anthu.

Ndinatera mu Okutobala 2023. Nyumba ya pagombe ija inapezeka kuti ili m'kamudzi ka pakati pa minda, makilomita 9 kuchokera kunyanja, ndipo tinali anthu asanu ndi mmodzi, bafa limodzi. Basi inkadutsa kawiri pa tsiku, Lamulungu osadutsa n'komwe. Ntchito inali yoyendera okalamba m'makomo mwawo, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kuwakonzera chakudya. Ndinkatuluka 6:30 m'mawa n'kubwera 9:30 usiku, koma ankawerengera mphindi zokhazo zimene ndili m'nyumba ya wodwala. Kuyenda kuchoka kumudzi wina kupita kumudzi wina, nthawi zina mphindi 25 pa timisewu topapatiza todzaza matope a mathirakitala, ankati si ntchito. Pepala langa loyamba la malipiro a mwezi wathunthu ndimalisungabe. Maola 112 pa mapaundi 10.75, zonse pamodzi mapaundi 1,204. Lendi ya kachipinda anadula 520. Galimoto "ya kampani" ija anadula 260. Anadulanso 75 akuti ya ofesi, 40 ya yunifolomu, kenako msonkho. Ndinatsala ndi mapaundi 260, ndipo petulo ndi chakudya zinali kuchokera momwemo. Kumudzi wakatapila anali atayamba kale kufika pakhomo pa mayi. Ndikamakumbukira mwezi umenewo mtima umawirabe.

Koma ndinene chilungamo, pa zithunzi zokha sananame. Malowa ndi okongola zedi, ndipo kuthamanga n'kumene kunandisunga kuti mutu usasokonekere. Kuchoka ku Cromer kupita ku Sheringham pa njira ya Norfolk Coast Path ndi mtunda wosakwana makilomita 8, ndipo kaphiri ka Beeston Bump, ngakhale kamangopitirira pang'ono mamita 60, kamakuphunzitsa ulemu mphepo ya ku North Sea ikamakuomba pamphumi. Ku Sheringham Park, malo amene anawakonza Humphry Repton mu 1812, njira zimatsika ndi kukwera m'nkhalango, ndipo mu Meyi ndi Juni maluwa a rhododendron amaphuka mpaka kuphimba mbali zonse za njira. Ku Blickling, pafupi ndi Aylsham, kuli njira yolimba yozungulira pafupifupi mamailosi 4 imene siterera ngakhale mvula igwe sabata yonse, ndipo m'nkhalango yake muli manda omangidwa ngati piramidi. Ku Holkham mitengo ya paini inaima pamchenga weniweni wa kugombe. Kuthamanga pamchenga umenewo kumapweteka akatumba kuposa chikweza cha ku Zomba.

Kumene ndimakonda koposa ndi ku Felbrigg, m'nkhalango ya Great Wood. Muli mizere iwiri ya mitengo ya beech imene imakumana ngati chilembo cha V. Anaibzala mu 1946 mwini malowo womaliza, Robert Wyndham Ketton-Cremer, pokumbukira kutha kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi m'bale wake amene anafera kunkhondoko. Tsiku lina mu Novembala ndinalowamo kusanache bwino, tochi ili pamutu, masamba ofiira atadzaza pansi mpaka kubisa mizu. Gwape anadutsa patsogolo panga mwakachetechete, mpweya wanga ukutuluka ngati utsi. Ndinaima pomwe mizere iwiri ija imakumana n'kulira, chifukwa usiku wake mayi anali atandifunsa pa foni kuti ndalama itumizidwa liti ndipo ndinalibe chowayankha. Akuluakulu aja ankanena zoona za chikomekome cha mkuyu.

Amene mwafika kale kumadera ngati ano ndipo mukufuna kuthamanga, tamverani. Woyenda pansi salipira kulowa m'nkhalango za Sheringham, Felbrigg kapena Blickling, koma wobwera pa galimoto amalipira poimika ngati si membala wa bungwe loyang'anira malowa, choncho yambirani kuthamanga pakhomo panu kapena pa siteshoni ya sitima. Tsatirani kamuvi kachikasu ndi kachizindikiro ka mbewu ya mtengo wa oak, musapatuke. Kuno ku England munda kapena nkhalango iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo m'malo ambiri ufulu wanu uli pa kanjira kokhako. Ine ndinadulira njira kamodzi m'nkhalango ya munthu mu Disembala, ndinakumana ndi mlonda wa nyama ali ndi agalu awiri, mfuti zikulira chapafupi. Inali nyengo yosaka mbalame zija zonga nkhwali zotchedwa pheasant, imene imayamba pa 1 Okutobala n'kutha pa 1 Febuluwale. Bamboyo sanandizazire, anangondiperekeza mpaka pachipata, koma ndinazindikira kuti ndikanavulala. M'madambo a madzi amchere a ku Stiffkey ndi Wells musalowe musanaone nthawi ya madzi. Nyanja ya kuno si ya ku Mangochi, imaphwera n'kudzadzanso kawiri pa tsiku, ndipo imabwerera kumbuyo kwanu kudzera m'tingalande inu mukuyang'ana kutsogolo. Zikavuta imbani 999 n'kupempha a coastguard, opulumutsa anthu panyanja. Kumphepete kwa maphompho musayandikire chifukwa ndi dothi lofewa limene limagumuka. M'chilimwe mukatuluka m'maudzu dzifufuzeni nkhupakupa, zimapatsa matenda a Lyme. Ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, tochi ndi chovala chowala n'zosachita kufunsa.

Ngakhale m'mipikisano muli tindalama tobisika. Ndinalembetsa wina wa makilomita 21 umene analengeza kuti ndi mapaundi 34. Polipira anawonjezera 2 chifukwa ndinalibe kalabu, 3.50 yolembetsera pa intaneti, ndi 8 ya basi yokatisiya poyambira. Kutatsala sabata imodzi anatumiza uthenga woti wopanda jekete yosalowa madzi sadzaloledwa, ndinagula ya mapaundi 45. Mpikisanowo anaulepheretsa chifukwa cha mphepo yamkuntho, ndipo sanabweze ngakhale kobiri. Zinali zolembedwa m'timalemba ting'onoting'ono timene sindinawerenge. Ngati thumba lanu lili ngati langa, pitani ku parkrun. Ndi makilomita 5, Loweruka lililonse 9 koloko m'mawa, ulere, ndipo imachitika ku Sheringham Park, ku Blickling ndi ku Holkham komwe.

Chimene ejenti sanandiuze, chomwe chinatsala pang'ono kundimaliza, ndi nkhani ya laisensi. Ya ku Malawi umayendetsera miyezi 12 yokha, ndipo sasinthanitsa ndi ya kuno monga amachitira ndi ya ku Zimbabwe kapena South Africa. Umayenera kuyambiranso: mapaundi 34 a laisensi yophunzirira, 23 a mayeso olemba, 62 a mayeso a pamsewu, kuphatikizapo mphunzitsi amene ankandilipiritsa 40 pa ola, ndiyeno n'kudikira miyezi kuti upeze tsiku la mayeso. Mu Okutobala 2024 miyezi yanga inatha. Galimoto analanda, maola anatsika kufika pa 18 pa sabata, lendi osatsika. Apa m'pamene kuthamanga kunasanduka thiransipoti. Ndinkadzuka 5 koloko, yunifolomu m'kachikwama kumsana, n'kuthamanga makilomita 8 mumdima ndi chisanu kuti ndikafike kwa gogo woyamba. Ndinkasinthira zovala kuseri kwa tchalitchi cha m'mudzimo, manja atauma osatha kumanga mabatani. Nditadandaula, abwana anandiyankha kuti ngati sindikukhutira angathe kuchotsa dzina langa ku boma ngati wantchito wawo, ndipo ndidzakhala ndi masiku 60 opezera kampani ina kapena kubwerera kwathu. Mawu amenewo ndi chingwe chimene amamangira anthu ambiri kuno.

Munthu mmodzi yekha ndiye anandiuza zoona pa ulendo wonsewu, ndipo ndinakumana naye ku parkrun. Ndi mayi wachizungu wachikulire, amene ankaima pakona yomaliza atavala chovala chowala n'kumaombera m'manja aliyense. Ataona kuti ndimabwera wapansi n'kubwereranso wapansi, anandifunsa za ntchito. Zinapezeka kuti iye amalemba anthu ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba. Tinakhala pa benchi, ndinamuonetsa mapepala anga a malipiro pa foni. Anawerenga limodzi ndi limodzi atavala magalasi, kenako anati: "Nthawi yoyenda pakati pa odwala imawerengedwa ngati ntchito pa malamulo a malipiro ochepetsetsa. Imbirani a Acas, bungwe lolangiza pa nkhani za ntchito, ndi ulere." Ndinamufunsa kuti, "Mayi, nanga inu mungandithandize pa ndalama zingati?" Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti palibe cholipira, ndi kuti aliyense wondiuza mtengo ndi wakuba. Sanandilonjeze nyanja kapena nkhalango. Anandiuza kuti malo adzapezeka mwina pakatha miyezi itatu, kuti ntchito yake ndi ya usiku ndipo ndi yolemetsa, maola 37.5, ndi kuti nyumba ndidzadzipezera ndekha. Zonse zinachitika momwe ananenera. Ndinayamba mu Epulo 2025, ndipo chiyambireni sanandidulepo kanthu kamene sitinagwirizane.

Tsopano inu amene mukundivutitsa ndi mauthenga. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 wobwera pa ntchito yosamalira okalamba saloledwanso kubweretsa mkazi kapena ana. Kuyambira pa 22 Julayi 2025 boma la UK linatsekeratu kulemba anthu a ntchito imeneyi kuchokera kunja. Choncho amene akukugulitsani CoS ya ntchito imeneyi lero muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre akukugulitsani mphepo, ndipo akudziwa. Ndikumva kuti ena mwa inu mwapereka kale theka. Mwaona chithunzi cha munthu akumwetulira pagombe ndiye mwayamba kuwerengera ng'ombe za bambo anu? Simunandifunse kuti ndinagona ndi njala kangati, mukungofunsa nambala basi. Wina anandilembera kuti ndikum'chitira nsanje, ndikufuna kudya ndekha. Nenani zimenezo, koma munda wa makolo musagulitse chifukwa cha malo okongola. Ngati mwapeza ntchito ina yololedwa kudera la kumudzi kuno, funsani kuti nyumba ili m'mudzi uti n'kuuona nokha pa mapu, funsani kuti basi imadutsa kangati, ndipo chilichonse chimene azidzadula pa malipiro chilembedwe ndi manambala ake musanasayine. Akayamba kuzungulira, thawani.

Mayeso a galimoto ndinakhoza ulendo wachiwiri. Madandaulo anga a maola oyenda aja akadali m'kati. Wakatapila ndinamaliza naye mu Ogasiti, atandidya pafupifupi kawiri ndalama imene ndinatenga. Puloti ya mayi ku Matawale sindinathe kuiwombola. Mlongo wanga wanditumizira chithunzi sabata yathayi, eni ake atsopano akumangapo nyumba ndipo yafika kale m'mawindo.