Ka dry bag kanga patatha miyezi 8 pa nyanja

Amene munandifunsa mu Epulo ati kachikwama kofiira kosalowa madzi kaja ndinagula pa salaula kuno ku Chipata kadzalimba kapena ndataya ndalama, manje yankho ndili nalo. Alamu anga amayendetsa boti ya thanga ku Cape Maclear, ndiye kuchoka nthawi ija ndapitako kanayi, kudzera pa Mwami, Mchinji, Lilongwe mpaka Monkey Bay, kachikwama kali kumsana.

Kanayesedwa zenizeni mu Julaye. Tinanyamuka pa mudzi wa Chembe ku Cape Maclear komweko m'mawa nyanja ili bata, taponya nangula kuseri kwa chilumba cha Thumbi, madzi oyera mbee tinsomba ta mbuna tabuluu tikuoneka pansi pa miyala ngati tili m'beseni, nkhwazi ikulira mumtengo, yomwe ija ili pa mbendera yathu koma ine wa ku Kapata ndinali ndisanaionepo ikuwakha nsomba. Kenaka thanga m'mwamba ulendo wa ku chilumba cha Mumbo, makilomita ngati 10, mphepo ikutikankha kumbuyo, ine mpaka kumayimba. Alamu angoti mlamu imbani pano, pobwerera muona. Zoonadi mphepo ya mwera imachokera kumwera ndipo ife kwathu kunali komweko, boti ya thanga siyenda molunjika kumene mphepo ikuchokera, imangokhota uku ndi uku, maola atatu mafunde akutimenya kumaso, boti itapendekeka, ine gwa pa chingwe kupemphera. Kachikwama kanali kugubuduka m'madzi pansi pa boti nthawi yonseyo. Titafika ndatsegula, foni, pasipoti, makwacha a mbali zonse ziwiri, zonse zouma.

Chinsinsi ndi kupinda kukamwa katatu musanamange bakolo, ndipo mutulutse mpweya kaye. Ulendo wa Okutobala ndinapinda kawiri chifukwa ndinadzazamo usipa wa amayi, tili pa chilumba cha Domwe chaja inanyowa nkufa, apo wolakwa ndine. Ndiponso fungo la usipa silinachoke mpaka lero, awe shuwa.

Zondinyansa zilipo. Dzuwa lakasandutsa ka pinki, ndipo lamba wa paphewa anathothoka mwezi wachisanu. Ndinapereka kwa wosoka nsapato, iye osafunsa anabaya singano pathupi penipeni pa chikwama, ndiye pamenepo panayamba kudontha. Ndamata ndi guluu ndi chigamba cha chubu cha njinga, ndakamiza mu ndowa usiku wonse muli nyuzipepala, yatuluka youma. Disembala ndipita nakonso, koma foni ndiziika kaye m'pulasitiki ya shuga.