African Storybook: kumene ndinapeza mabuku aulere a Chichewa

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni pa Balaka, chakufupi ndi depoti ya basi. Pa tebulo langa pamafika mafoni ambiri odwala nthenda imodzimodzi: mwini wake ankafuna buku laulere pa intaneti, anadina batani lalikulu lolembedwa kuti Download, ndipo m'malo mwa buku munalowa tizinthu totulutsa malonda usana ndi usiku, batire n'kumatha dzuwa lisanafike paliwombo. Choncho achemwali anga atandipempha kuti ndimupezere mwana wawo mabuku a pafoni, ndinayamba ndazengereza.

Mwanayo ndi mtsikana, ali Sitandade 3. Achemwali ankati amawerenga bwino, ndipo zoonadi buku la kusukulu ankalilakatula osapumira. Tsiku lina ndinalemba kuseri kwa lisiti kuti "Agogo agula usipa wouma kumsika" n'kumupatsa. Anayang'ana pepalalo, anayang'ana ine, kenako anazolika. Buku lija anali atangoliloweza pamtima, mawu amene sanawaonepo ankamuthawa. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa vuto silinali mutu wa mwana. Pakhomo pawo, kupatula Baibulo ndi buku la nyimbo la kutchalitchi, panalibe china chilichonse cholembedwa m'Chichewa choti n'kuyeserapo.

Nditafufuza kwa masiku angapo ndinakhazikika pa African Storybook. Ndi ntchito ya bungwe la Saide la ku Johannesburg, ndipo tsamba lake linayamba mu 2014. Muli nthano za ana zokhala ndi zithunzi m'zinenero zoposa 200, zambiri za muno mu Africa, Chichewa chili pomwepo. Kuti uwerenge safuna ndalama, safunanso nambala ya foni. Usankha chinenero, usankha msinkhu, buku latseguka. Pa foni imene ndinayesera sipanatulukepo malonda ngakhale amodzi, ndipo ine amene ndimakhalira kutsuka mafoni a anthu ndimaziona zimenezi msanga.

Chimene chinandithandiza koposa ndi m'mene anawagawira mabukuwo m'magawo asanu. Gawo loyamba ndi la mawu owerengeka chabe pa tsamba lililonse, lachiwiri ziganizo zazifupi, lachitatu ndime zing'onozing'ono, lachinayi ndime zotalikirapo, lachisanu ndi loti wamkulu aziwerengera mwana mokweza. Ine ndinkaganiza kuti wa Sitandade 3 ayambire gawo lachitatu. Ayi ndithu, tinabwerera ku loyamba, ndipo kumeneko n'kumene ndinamuona akuika chala pansi pa liwu, milomo ikugwedera asanatulutse mawu, "nkhu... nkhu-ku", kenako n'kuyang'ana chithunzi kuti atsimikize. Ataona kuti ndi nkhukudi anaseka yekha. Ngati muli ndi mwana wa mtundu umenewu musachite manyazi kumutsitsa, pakatha milungu ingapo akwera yekha.

Za bandulo musade nazo nkhawa kwambiri. Pali apu yake ya pafoni yotchedwa African Storybook Reader. Mabuku amene mwawasunga m'menemo amatseguka ngakhale mutazimitsa data. Ine ndimasunga angapo nthawi imodzi ndikakhala pa boma pamene netiweki imagwira bwino, achemwali n'kukawerenga ndi mwana kumudzi kumene foni imachita kusakidwira malo okwera. Zithunzi n'zimene zimadya bandulo, ndiye musamangotsegula buku lililonse mwachisawawa, yambani mwaona msinkhu wake.

Koma ndinene chilungamo, foni si malo abwino oti mwana aphunzirirepo kuwerenga. Foni ya pakhomo ndi imodzi, imapita kumsika, imapita kumaliro, ikafika madzulo ilibe moto. Mwana akaigwira, pakangolira uthenga wa WhatsApp nthano yathera pomwepo. Pamenepa mpamene African Storybook inandigwira mtima zenizeni: buku lililonse ukhoza kulitenga ngati PDF yokonzedwa kale kuti isindikizidwe. Ndinapita ndi kafulashi kwa mnzanga wa fotokope tsidya la msewu, tinasindikiza mbali zonse ziwiri za pepala, tinapinda pakati. Sitepula yake inali yaifupi yosafika pamsana pa buku, ndiye achemwali anasoka ndi singano ndi ulusi wakuda, mfundo zitatu. Tinasindikiza zakuda ndi zoyera chifukwa inki ya mitundu ndi yodula, mwana n'kupaka yekha makirayoni m'malo amene zithunzi zinatuluka zotuwa. Pachikuto analemba dzina lake ndi bolopeni. Buku lake loyamba, lakelake, limene palibe mphunzitsi adzalitolere belu likalira. Pano ali nawo asanu ndi awiri, amawasunga m'jumbo la shuga kuopa chiswe, ndipo ana a oyandikana nawo amabwereka.

Kusindikiza koteroko si kuba. Mabukuwa ali pansi pa chilolezo cha Creative Commons, kutanthauza kuti ukhoza kukopera, kugawa, kumasulira ngakhale kusintha, bola usafafanize mayina a wolemba ndi wojambula. Aphunzitsi amene mukuwerenga izi, mfundo imeneyi ndi yanu.

Chinthu chimodzi choti muchidziwe musanasankhe chinenero. Pa mndandanda pali Chichewa, palinso CiNyanja cha anzathu a ku Zambia. Timamvana bwinobwino, koma kalembedwe kamasiyana: iwo amalemba "cakudya" ndi "cifukwa" pamene ife timaika "ch". Nditamupatsa mwana buku la CiNyanja anaima pa "cifukwa" n'kundifunsa, "Amalume, apapa aiwala chilembo?" Ndinamufotokozera kuti ndi mmene amalembera ku Chipata. Kwa wamkulu ndi nkhani yaing'ono, koma kwa amene akungoyamba kumene kulumikiza maphatikizo, yambani ndi za Chichewa, za CiNyanja zibwere iye atalimba.

Mabuku a Chichewa ndi ochepa poyerekeza ndi a Chingerezi, ndipo mwana wokonda kuwerenga akhoza kumaliza a msinkhu wake msanga. Izi sindingaloze nazo chala eni tsamba. Mabuku a chinenero chilichonse amachuluka m'menemo molingana ndi anthu amene adzipereka kumasulira, ndipo khomo ndi lotsegula kwa aliyense amene walembetsa. Ndinayesa ndekha Lamlungu lina masana. Ndinatenga nthano ya gawo lachiwiri, tsamba likundionetsa Chingerezi ndi malo olembamo changa, zithunzi zili zomwezo. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya mphindi khumi, koma inandidyera masana onse, chifukwa kupeza liwu limene mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amalinenadi pakhomo, osati la pa wailesi, kumafuna kuganiza. Ife a Chichewa tilipo mamiliyoni, ku Malawi, ku Zambia, ku Tete. Aphunzitsi opuma ntchito okha atamasulira limodzi limodzi, shelefu imeneyi ikanadzaza.

Mchimwene wake wa mtsikanayu ali Fomu 3, ndipo nthano za ana sizimukwanira. Iyeyo ndinamuonetsa Project Gutenberg, laibulale imene Michael Hart anaiyamba ku America mu 1971, yokhala ndi mabuku oposa 70,000. Nayonso ndi yaulere, yosafuna kulembetsa, ndipo mukasankha EPUB (mtundu wa fayilo ya buku lowerengera pafoni) yopanda zithunzi buku lathunthu silidya bandulo yoti n'kudandaula. Ambiri mwa mabukuwo ndi akale kwambiri, chifukwa amaikamo amene umwini wake unatha malinga ndi malamulo a ku America, kumene zimatenga zaka 95 chisindikizireni. Chingerezi chake ndi cha makedzana, chofuna dikishonale pambali, ndipo la Chichewa ine sindinalipezemo. Kwa wa sekondale wofuna kunola Chingerezi ndi yabwino, kwa wa pulayimale musavutike nayo.

Nthano imene ndinamasulira ija tinaisindikizanso n'kuisoka ngati zinzake. Mwezi wathawu nditapita kumudzi ndinapeza mtsikana uja ali pakhonde ndi agogo ake, amene maso anayamba kuchita khungu, akuwawerengera pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Atafika pa tsamba lachinayi agogo anamuimitsa, "Bwereza pamenepo, mdzukulu wanga, kalulu wati chiyani?" Iye anabwerera kumayambiriro kwa chiganizo n'kuwerenganso.